Chipongwe cha ochemerera mpira pa intaneti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za khalidwe la ochemerera mpira ena m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Kale tikatuluka m'bwalo la Mzuzu Stadium, tinkaserewulana za zigoli njira yonse mpaka ku Chibavi, koma madzulo tinkadyera limodzi chipisi.

Lero goloboyi akangolakwitsa kamodzi, anthu obisala m'mayina abodza amafalitsa chithunzi cha mkazi wake, kumunamizira kuti walandira ziphuphu, ngakhale kutukwana mtundu wake. Mwezi watha mphwanga anachotsedwa m'gulu lina chifukwa chongoyamikira wosewera wa timu ina, ndipo oyang'anira gululo, abambo a ndevu zawo, ankaseka nawo. Ndikuwapempha kuti azichotsa otukwanawo m'malo mothamangitsa owadzudzula.

Wokonda mpira,
Katoto, Mzuzu