Nsomba sidikira chidindo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani yomwe yatenga malo m'magulupu athu a WhatsApp kuno ku Angonia, ngakhale mu chapa popita ku Tete anthu akungokangana yomweyi, yoti eti dziko lathu lingotuluka mu SADC titseke maboda kuti kapenta ndi pende za ku Cahora Bassa zikhale zathu zokha poti alendo akutimalizira. Ine geni yanga ndi ya nsomba zouma, ana ndaphunzitsira yomweyi, nde ndikamamva zimenezi ndimangoti mmm, ambiri olankhulawa sanagonepo pa thumba la chicoa, nsomba youma ya mchere ija, podikira galimoto.

Anzathu a ku Britain anayesa kale zimene mukufunazi. Pa 23 June 2016 anavota zotuluka mu European Union (EU), bungwe la mayiko a ku Ulaya, 52 pa 100 anati tituluke, ndipo asodzi ndi amene anali patsogolo kuimba ng'oma. Kutatsala masiku ochepa kuti avote anafika ndi maboti awo pa mtsinje wa Thames mkati mwa London mweni mweni, Nigel Farage, wandale wolimbikitsa zotulukazo, ali momwemo, kudandaula kuti ma French, ma Dutch ndi ena akukokolola nsomba m'madzi mwawo. Ndipo sikuti ankanama ayi, maboti a mayiko enawo ankaphadi nsomba zambiri m'madzi a Britain kuposa zimene a Britain ankapha m'madzi a anzawo. Dandaulo lake ndi lomwe lija timamva kuno, madzi ndi athu koma akudyerera ndi ena.

Nde anatulukadi, malamulo atsopano anayamba pa 1 January 2021. Apa mpamene anazindikira chinthu chomwe mayi aliyense wa pa msika wa Ulongwe akanawauza ulele: kupha nsomba ndi ntchito ina, kuigulitsa ndi ina. Anthu a ku Britain ndi odabwitsa, nsomba zambiri zomwe amapha sadya okha. Mackerel, yomwe ili ngati karapau wathu uja, nkhanu, ndi tina tonga kamarau totchedwa langoustine amatumiza kunja makamaka ku France ndi Spain, pomwe iwo pakamwa pawo pamafuna cod ndi haddock zomwe zambiri amagula ku Iceland ndi Norway. Kale lole inkanyamuka ku Scotland lero mawa lake katundu ali pa msika ku France, opanda womufunsa. Atatuluka aja thiraki iliyonse inayamba kufuna satifiketi ya zaumoyo yosainidwa ndi dokotala wa ziweto kapena wa zaumoyo, satifiketi yosonyeza komwe nsombazo anazipha, kuphatikiza mapepala a kasitomu, ndipo pakalakwika nambala imodzi basi katundu yense waima. Nkhanu yamoyo ingadikire masiku angati? Mitengo inagwa pa msika wa nsomba wa Peterhead ku Scotland, maboti ena anangomangidwa pa doko, ena anayamba kukatsitsa nsomba ku Denmark kuti azembe mapepalawo. Mwezi womwewo wa January ogulitsa anatenga malole awo kukawaimika pafupi ndi ofesi ya Boris Johnson, nduna yaikulu pa nthawiyo, ku London pokwiya, mpaka boma linatulutsa mapaundi 23 miliyoni opepesera. Nduna ina, Jacob Rees-Mogg, inaimirira mu nyumba ya malamulo nkumati nsombazo tsopano ndi za Britain ndiye zikusangalala. Nsomba kusangalala, mwini wake akulira!

Ine zimenezi sindinazimve ngati nkhani ya kutali. Chaka china ndinapikula matumba asanu ndi limodzi ku nyanja, chicoa yabwino yonona, ndinali nditapangana kale ndi kasitomala wa ku Malawi. Kufika pa boda ina, sinditchula, akuti pepala limodzi lilibe chidindo ndipo wodinda wachoka abwera mawa. Mawa lakelo akuti netiweki palibe. Kunali nthawi ya mvula, tenti yomwe ndinafunditsa inali yobooka pakona, tsiku lachitatu nditamasula thumba la pansi fungo lake ndinangokhala pansi, nsomba zayamba kuyera nkhungu, zina zikufumbutuka m'manja, ntchentche zili ng'waa. Ndinagulitsa matumba awiri pa mtengo wongotaya kwa munthu woweta nkhumba. Ndipotu imeneyo inali nsomba ya mchere, youma, komanso tili mu SADC momwemo, m'mene msonkho wa katundu wambiri unachotsedwa kuchokera pomwe anakhazikitsa malonda aufulu mu 2008. Nde muganize titatuluka, msonkho nkubwerera, mapepala nkuchuluka, zikhala bwanji?

Mwina wina ati chabwino anavutika poyamba koma madzi anawatenga. Anatenga angati? Mgwirizano womwe anamvana pa 24 December 2020 unati Britain ibwezeredwe 25 pa 100 ya mtengo wa nsomba zomwe maboti a EU ankapha m'madzi ake, pang'onopang'ono kwa zaka zisanu ndi theka, maboti a alendowo akupitirizabe kulowa. Asodzi anati atigulitsa. Mu May 2021 ku chilumba cha Jersey, chomwe chili pansi pa ufumu wa Britain koma pafupi ndi France, kunavuta mpaka Britain inatumiza sitima ziwiri za nkhondo chifukwa asodzi a ku France anadzadza pa doko kukwiya ndi nkhani ya malaisensi. Kenaka mu May 2025 boma la Britain la Keir Starmer linavomera kuti maboti a EU azilowabe mpaka 2038, posinthana ndi kuti zakudya za Britain zizilowa ku Europe mosavuta. Chifukwa chake nchosabisika, usodzi kumeneko sufika ngakhale 1 pa 100 ya chuma cha dziko, ndiye akuluakulu akakhala pa tebulo msodzi ndi amene amayamba kuperekedwa nsembe, ngakhale pa kampeni anali iyeyo pa chithunzi.

China chomwe chimandipweteka, gawo lomwe linabweralo silinafike kwenikweni kwa a maboti ang'onoang'ono. Kumeneko boma limagawa mlingo wa nsomba zoti munthu aphe, ndipo gawo lalikulu lili m'manja mwa makampani ochepa, ena mwa iwo eni ake ndi akunja omwewo koma boti likuuluza mbendera ya Britain. Kodi kuno zingasiyane? Kapenta saphedwa ndi bwato la m'bale wanga wa ku Mágoè, amaphedwa usiku ndi zimaboti zokhala ndi magetsi ndi injini, zomwe mwini wake ndi munthu wa ndalama. Mukatseka boda iyeyo apeza njira, ali ndi womulembera mapepala. Ovutika tikhala ife a matumba asanu.

Komanso tisamaiwale, kapenta amene tikumutcha wathuyu ndi mlendo naye. Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, anamubweretsa ku Kariba cha m'ma 1967, nkutsika yekha ndi Zambezi kudzakhazikika mu Cahora Bassa damu litatsekedwa mu 1974. Sanadindise pasipoti pa Zumbo. Ndipo karapau amene timadya tsiku ndi tsiku wambiri amachokera ku Namibia, usipa ndi bonya timagula kwa achibale athu a ku Malawi, ena ndi azibale athu enieni a mtundu umodzi, maliro timayendera limodzi. Titseke mbali imodzi iwo angokhala chete?

Kutuluka m'bungwe sitinayambe lero, Mozambique inachoka mu COMESA, bungwe lina la zamalonda, mu 1997 pomwe Malawi, Zambia ndi Zimbabwe adakali momwemo, nde ma boda atatu onse otizungulira kuno ku Tete anzathu ali m'mabungwe awiri a zamalonda, COMESA ndi SADC, ife tatsala mu SADC yokha. Yomweyonso tiitaye?

Sindikukana kuti nsomba zikuchepa, aliyense wopita ku nyanja akuona, pende wa masiku ano ndi wam'ng'ono kusiyana ndi uja tinkagula kale. Koma amene akukokera masikito m'madzi kupha ndi tiana tomwe si SADC ayi, ena ndi ana athu omwe. Amene akupha nthawi yoletsedwa, amene akulowa opanda laisensi, kaya ndi wakuno kaya ndi wakunja, malamulo oti amugwire alipo kale sitikufunika kutuluka kulikonse. Boma litithandize ayisi ndi magetsi ku madoko, misewu yopita ku nyanja, ndi kuti chidindo chizipezeka pa boda ngakhale Loweruka.

Sabata ya mawa ndikupitanso kukapikula, ndipo pa matumba asanu omwe ndikufuna atatu mwini wake ali kutsidya kwa boda, wanditumizira kale theka la ndalama. Tenti ndagula yatsopano.

Wogulitsa nsomba zouma,
Ulongwe, Angonia