Tisitima ta nthunzi tolumikiza pamanja: yambani mwakonza kunsi

Akonzi,

Tiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anzathu amene ali ndi tisitima ta pathebulo, tija totsanzira mitu ya sitima zakale zoyendera malasha ndi nthunzi. Sitikunena zidole zapulasitiki za ana ayi. Tikunena tija timene timagulidwa tili zidutswazidutswa m'bokosi, munthu n'kulumikiza yekha ndi solder, chitsulo chofewa chimene timasungunula ndi chowotcherera kuti chimate zidutswazo. Timayenda ndi mota ya magetsi otoledwa kunjanji kudzera m'magudumu. Kuno ku Mangochi njanji kulibe, yapafupi ndi ya ku Liwonde ndi ku Balaka, komabe tisitima totere timapezeka apo ndi apo m'katundu wakale wochokera ku Britain ndi ku Joni. Tambiri timafika titaleka kuyenda, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti timatheratu m'manja mwa munthu wofuna kukonza. Zimene zimapha tisitimati ndi zitatu: chowotcherera chotentha mopyola muyeso, supa guluu, ndi oyilo wambiri. Kasitima koima kawirikawiri sikanafe. Vuto limakhala kunsi, kumagudumu ndi kumawaya, ndipo ntchito iyenera kuyambira komweko, penti ndi zokongoletsa zidikire.

Musanagwire chida chilichonse, dziwani chitsulo chimene muli nacho. Thupi likakhala lolemera, lotuwa ndi lofewa moti mpeni ukulikanda mosavuta mkati mwake, chimenecho ndi whitemetal, ndipo chimasungunuka pa madigiri 200 ndi kanthu chabe. Chowotcherera wamba cha okonza mawailesi chimatentha kupyola madigiri 350. Mukangochikhudzitsa pachumuni, chumuniyo yasanduka dontho. Thupi lopepuka, lamapepala opyapyala achikasu, ndi mkuwa, ndipo limapirira moto. Mafelemu ndi ndodo zolumikiza magudumu nthawi zambiri zimakhala za nickel silver, yooneka mbuu ngati siliva koma yolimba. Whitemetal yakale imakhala ndi mtovu, choncho sambani m'manja mukamaliza, ndipo ana asamatole zinyenyeswa zake.

Pomasula, jambulani ndi foni mbali zonse, pamwamba ndi pansi, kenaka jambulaninso nthawi iliyonse mwachotsa kanthu. Gudumu lililonse lilembedwe kumbuyo kwake, loyamba kumanja, loyamba kumanzere, choncho, ndipo timanati ndi timawashala tikhale m'zitsekero za mabotolo zosiyanasiyana. Ife a ku Mangochi phunziro ili tili nalo pakhomo. Sitima ya panyanja ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, inabwera ili zidutswa zoposa 3,000, ndipo manambala olembedwa pazidutswazo anali atafufutika pozikuta mankhwala oletsa dzimbiri. Amisiri oilumikiza kuno ku Mangochi anavutika kufufuza kuti ichi chilowa pati, mpaka inalowa m'madzi mu 1901.

Tsopano kunsi. Chotsani thupi, chotsaninso mota kapena giya yake kuti magudumu akhale omasuka. Ikani felemu pagalasi lathyathyathya. Magudumu onse ayenera kukhudza galasi. Ngati ikugwedera mukaidinikiza pakona, felemu inapotoka, ndipo gudumu limene lili m'malere silitola magetsi. Kenaka pendeketsani galasilo pang'onopang'ono. Felemu yabwino imatsetsereka yokha, ndodo zikuzungulira mosadodoma. Ikamagwira malo amodzimodzi pakuzungulira kulikonse, mwapeza nthenda yaikulu ya tisitima timeneti.

Nthendayi imachokera apa. Pasitima ya nthunzi, zikhomo zogwira ndodo kumagudumu a kumanja zimatsogola za kumanzere ndi madigiri 90, ndiye kuti gawo limodzi la magawo anayi a mkombero. Chofunika kwambiri si kuti ngodyayo ikhale 90 ndendende, koma kuti ikhale yofanana pamaekiselo onse. Ekiselo imodzi ikasiyana ndi inzake ngakhale pang'ono, ndodo imakoka gudumu lina n'kumakankha lina, ndiye kugwirako. Njira yopezera ekiselo yolakwa ndi iyi: chotsani ndodo zonse, zunguzani ekiselo iliyonse payokha kuti muone ngati ikuyenda momasuka, kenaka bwezerani ndodo pamaekiselo awiri okha n'kuyesa. Zikayenda, onjezani yachitatu. Pamene kugwira kwayambira, wolakwa ndi ameneyo. Magudumu a makampani a Romford ndi Markits savuta chifukwa ekiselo yake ili ndi makona anayi kumapeto, gudumu limangolowa pamalo ake, bola muchotse zinyalala m'bowo ndipo nati imangike mpaka pansi. Magudumu ongokanikiza, monga a Alan Gibson, ndi amene amasuntha. Apotozeni ndi zala pang'ono kwambiri, mukuyang'ana kupyola m'masipoko kuti alingane ndi a ekiselo yoyandikana nayo.

Ambiri akatopa amatenga chobowolera n'kukulitsa mabowo a ndodo. Kasitima kamayendadi tsiku limenelo, koma kamayenda modumphadumpha, ndipo ndodo yokulitsidwa bowo simungaibwezeretse. Ngati magudumu ali bwino koma bowo lathina, likulitseni ndi tupa wozungulira wamng'ono, kuzunguza kawiri katatu n'kuyesa, osapyola 0.1 mm. Yesaninso mpata wa pakati pa misana ya magudumu awiri a ekiselo imodzi. Panjanji zotalikirana 16.5 mm uyenera kukhala 14.5 mm. Ukachepa kapena kukula, kasitima kamagwa pamphambano za njanji. Kamtengo kolimba kapena kachitsulo kosemedwa 14.5 mm n'kokwanira kuyezera. Onaninso kachikhomo ka gudumu lakutsogolo, chifukwa kakatalika kamagunda kumbuyo kwa chitsulo chotsetsereka cha pisitoni. Kapaleni ndi tupa mpaka pepala lizidutsa pakati.

Za magetsi tinene mwamphamvu: tisitimati timayendera mavoti 12 a batire, osati magetsi a pakhoma. Poyesa koyamba, batire ya mavoti 9 yamakona anayi ija, yokhudzitsa pamagudumu, ndi yokwanira. Ambiri kuno tili ndi mabatire a sola, ndipo amathandiza, koma mphamvu yake ndi yaikulu moti waya akagundana, timawaya totolera magetsi timafiira n'kupsa nthawi yomweyo. Lumikizani babu ya galimoto ya mawati 21 pawaya mmodzi wopita kunjanji. Zinthu zikakhala bwino babuyo siyaka kapena imangonyezimira pang'ono. Ikawala kwambiri, pali pamene pagundana. Malo oyamba kukayikira ndi mabuleki achitsulo okhudza gudumu. Achiwiri ndi ekiselo yobwezeredwa chagada. Tisitima tambiri takale tili ndi magudumu otchinga magetsi mbali imodzi yokha, ndiye ekiselo imodzi ikatembenuzidwa, njanji ziwiri zija zalumikizana kudzera m'felemu.

Mota yakale yoonekera mkati imangofuna kutsuka. Pukutani pamene mabulashi, timakala tolowetsa magetsi m'mota, amakhudza ndi kansalu konyowetsa sipiriti, ndipo chotsani zakuda m'timipata take ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano, chifukwa singano imakanda. Pobwezera mota, giya yopota ya pamota isakanikize giya ya paekiselo. Ikani kapepala kopyapyala kwambiri pakati pa ziwirizo, mangani, kenaka zunguzani kuti kapepalako katuluke. Mpata wotsalawo ndiye woyenera. Zikathinana mota imatentha ndi kulira, zikatalikirana mano a giya amadyeka. Timawaya totolera magetsi, ta phosphor bronze ta 0.3 mm, tizingokhudza gudumu mopepuka. Tikakanikiza kwambiri timasanduka mabuleki.

Oyilo ndi wa makina osokera, kadontho ka pansonga ya singano pamalo alionse ozungulira, basi. Mafuta ophikira amauma n'kumata. Oyilo wochuluka amayenderera mpaka pamagudumu, n'kutola fumbi ndi mchenga umene mwera umatilowetsera m'nyumba, ndipo zimenezi zimapera maekiselo.

Felemu ikayenda bwino kutsogolo ndi chambuyo kwa theka la ola, tingabwere kuthupi. Solder yake ili mitundu itatu, yodziwika ndi madigiri amene imasungunukira. Ya 188 ndi yolumikizira zikuluzikulu za mkuwa. Ya 145 ndi ya tizinthu ting'onoting'ono, kuti poika ito zoyamba zija zisamasuke. Ya 70 ndi ya whitemetal. Apa pamafunika chowotcherera chosintha kutentha, ndipo anzathu okonza mafoni ambiri ali nacho, pamodzi ndi tizopanira tosongoka. Pa whitemetal chitsitseni kufika cha m'ma 150, ndipo yambani mwayesa pakachidutswa kotsala. Solder ya 70 siigwira bwino mkuwa wosakonzedwa. Pakani kaye mkuwawo solder ya 145 mopyapyala, uzizire, kenaka mulumikize ndi ya 70. Popanda flux, mankhwala opaka pachitsulo musanawotcherere, solder siyenda, imangoundana ngati kampira. Koma flux ndi asidi, ndiye tsiku lomwelo tsukani ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale. Mukagona nayo, mawa mupeza mkuwa wabiriwira, maekiselo achita dzimbiri.

Ubwino wa solder ya 70 ndi wakuti imasungunuka m'madzi owira. Thupi lolumikizidwa mokhota mungaliviike mumphika wa madzi otentha, zidutswa n'kulekana zosaonongeka, n'kuyambiranso. Mphika umenewo usabwererenso kukhitchini. Ubwino womwewo ndiwo ngozi yake kuno kwathu. Dzuwa la Okutobala la ku Mangochi, kasitima kakasiyidwa kutsogolo m'galimoto yotseka mawindo, zolumikizira zimatha kufewa n'kulekana. Kasungeni m'bokosi, pamthunzi.

Wopanda zida zimenezi agwiritse ntchito guluu wosakaniza machubu awiri uja, atapala kaye mbali zonse ndi sandipepa. Supa guluu amagwira tizinthu topepuka tokha, amathyoka kasitima kakagwedezeka, amasiya zoyera papenti, ndipo akalowa m'maekiselo ntchito yonse ya kunsi ija yapita. Wakale amachoka ndi acetone, koma acetone asafike pamagudumu, chifukwa ambiri pakati pake ndi papulasitiki.

Pazokongoletsa, maganizo athu ndi akuti kanthu kalikonse kamene mukuika kakhale kamene munakaona pasitima yeniyeni kapena pachithunzi chake. Mwayi tili nawo. Mitu iwiri yoyambirira ya njanji ya Shire Highlands, imene inafika ku Blantyre mu 1908, idakalipo: Thistle ali pasiteshoni ya Limbe, Shamrock ali kunyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri, ndipo onse anapangidwa ndi kampani ya Bagnall. Pitani ndi tepi, pemphani chilolezo, muone mmene paipi imachokera pa boyila n'kukhotera pansi, ndi pamene zogwirira zamangidwa. Masamu ake ndi ophweka. Tisitima ta ku Britain ta saizi yotchedwa OO ndi 1:76, ndiye kuti miyeso ya sitima yeniyeni yagawidwa ndi 76, ta saizi ya HO ndi 1:87, tonse panjanji ya 16.5 mm. Njanji ya kuno ndi ya 1,067 mm, choncho wofuna kutsanzira sitima ya kwathu panjanji yomweyo agawe miyeso yonse ndi 64, chifukwa 1,067 kugawa ndi 64 ndi pafupifupi 16.7. Gudumu la mita imodzi likhala la 15.6 mm. N'chifukwa chake kungopenta kasitima ka ku Britain n'kulembapo dzina la njanji ya kuno sikukhutiritsa maso a munthu wodziwa.

Zogwirira za m'mbali mwa boyila ndi waya wa mkuwa wa 0.45 mm. Lembani mzere wowongoka ndi pensulo, bayani kaye ndi singano kuti chobowolera chisaterereke, ndipo bowolani pozunguza ndi zala, chifukwa makina amatenthetsa whitemetal, chobowolera n'kumatirira n'kuthyokera momwemo. Lowetsani timitu togwira waya kuwayako musanatimate pathupi, kuti tiime pamzere umodzi. Mapaipi amachokera ku waya wa magetsi wosenda. Ukauma, uwotcheni pakandulo mpaka usinthe mtundu, udzapindika mosathyoka. Malasha a m'ngolo ndi makala osinja, osefedwa kuti mutsale timiyala ta 1 mpaka 2 mm, omatidwa ndi guluu woyera wa akalipentala wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, kuphatikizapo kadontho ka sopo wamadzi kuti alowerere. Koma guluu woyerayo asakhudze mtovu. Anthu amadzaza boyila ndi mtovu kuti kasitima kalemere, n'kumata ndi guluu ameneyu. Ziwirizi zimadyana, mtovu umatupa pang'onopang'ono, ndipo patapita zaka boyila imang'ambika. Mtovu umatidwe ndi guluu wa machubu awiri, ndipo kulemera kwake kugwere pakati pa magudumu oyendetsa, osati kumphuno.

Penti amakana thupi la mafuta a m'manja. Tsukani, umitsani usiku wonse, ndipo musaligwirenso ndi zala. Mkuwa umafuna etch primer, penti woyamba wogwira chitsulo, ya okonza magalimoto, apo ayi penti amasupuka m'makona. Poperani muli kutali masentimita 25, mopyapyala, kawiri kapena katatu, m'mawa kusanatenthe. Masana a kuno penti amauma asanafike pathupi n'kusiya manthongo, ndipo tsiku la chinyezi chambiri amachita mbuu. Phimbani mbali ya magudumu yoponda njanji ndi nsonga za timawaya totolera magetsi. Mwaye wa pamwamba pa boyila ndi fumbi lomwe lija la makala, lopaka ndi burashi youma kuchokera pachumuni kupita chakumbuyo, ndipo kunsi kwa felemu mungapakeko dothi lofiira losefa bwino, pang'ono pokha, kutali ndi magiya.

Pomaliza tikupempha inu, Akonzi, kuti mukapeza malo muzisindikizako zithunzi za mitu ya sitima zakale za dziko lino, makamaka zojambulidwa cham'mbali penipeni, magudumu onse akuoneka. Kwa ife okhala kutali ndi Limbe, chithunzi chotero n'chimene tingayezerepo kutalika kwa boyila ndi mipata ya magudumu.

Amisiri okonza tisitima,
Mangochi