Kalata kwa Makolo: Za Kayankhidwe ka Mauthenga a Sukulu

Okondedwa makolo ndi onse amene mukulera ana a pa sukulu ino,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi ndi onse ogwira ntchito pano pamene teremu ino yafika kumapeto. Malipoti a ana atumizidwa kwa kholo lililonse palokha, choncho za makhozedwe a mayeso sindizikamba muno. Kalata ino ndaisungira nkhani imodzi imene aphunzitsi ndi komiti ya makolo akhala akuidandaula, yomwe ndi momwe timayankhira mauthenga opita kwa makolo onse pa imelo ndi pa gulu lathu la WhatsApp, komanso chizolowezi chotumiza uthenga umodzimodzi kangapo kudzera njira zosiyanasiyana.

Ndiyambe ndi imelo, popeza makolo ambiri amene ali pa ntchito m'matauni, ndi ena amene ali kunja monga ku Johannesburg ndi ku London, amatipeza kudzera njira imeneyi. Sukulu ikafuna kulengeza kanthu imalemba kalata imodzi ku adiresi imodzi, ndipo adiresi imeneyo imagawa uthengawo kwa makolo onse. Pansi pa uthenga umene mwalandira pamakhala mabatani awiri oyandikana. Lolembedwa Reply limabweza yankho lanu kwa amene wakulemberaniyo, pamene lolembedwa Reply All limalipititsa kwa iyeyo pamodzi ndi onse amene adalandira uthengawo. Tiyerekeze kuti makolo alipo 300 ndipo aliyense wayankha kwa onse ndi mawu oti "Zikomo, tamva." Munthu aliyense alandira mauthenga pafupifupi 300, onse pamodzi akwana pafupifupi 90,000, ndipo kalata yeniyeni ija, yonena za tsiku lotsegulira kapena za ndalama za mayeso a MANEB, ikwiririka pansi pa mawu othokozawo.

Vutoli lidaonekapo ngakhale m'mabungwe akuluakulu. Mu Novembala 2016, uthenga woyesera udatumizidwa molakwitsa kwa ogwira ntchito pafupifupi 840,000 a bungwe la zaumoyo la NHS ku England. Anthu ena atakwiya adayamba kuyankha kwa onse kupempha kuti achotsedwe, ena nkuyankhanso kwa onse kudzudzula anzawowo, mpaka mauthenga adafika mamiliyoni ambiri ndipo imelo ya bungwelo idayamba kuyenda mochedwa kwambiri tsiku limenelo. Chonde, wina akalakwitsa nkuyankha kwa tonse, musamudzudzule pa gulu, chifukwa chidzudzulocho nachonso chimafika kwa tonse. Mulembereni payekha kapena dziwitsani ofesi.

Ndikudziwa kuti chikhalidwe chathu sichitilola kulandira mawu osathokoza, ndipo amene amayankha kuti "Talandira, aphunzitsi" amatero chifukwa cha ulemu. Ulemu umenewo timauyamikira ndi mtima wonse. Komabe pabwalo, mfumu ikatha kulengeza, anthu sayimirira mmodzimmodzi kunena kuti amva, chifukwa msonkhano sungathe. Kuyambira teremu ikubwerayi, uthenga uliwonse wofuna yankho tidzaulemba poyera kuti ukufuna yankho, ndipo tidzatchula amene muyenera kumuyankha. Umene sunalembedwe choncho, kuuwerenga kokha nkokwanira.

Chimene chikundidetsa nkhawa koposa ndi zinsinsi za ana. Kholo likalandira chikumbutso cha fizi chopita kwa onse, nthawi zina limayankha mofotokoza bwino lomwe kuti malipiro achedwa, kuti ntchito idatha, kapena kuti pakhomo pali matenda, poganiza kuti likulankhula ndi ofesi yokha. Lina limayankha uthenga wokhudza ana ogonera pa sukulu potchula mankhwala amene mwana wake amamwa tsiku ndi tsiku. Mawu amenewa akapita kwa onse amawerengedwa m'nyumba zambiri, ndipo tisaiwale kuti mafoni athu ambiri amagwiridwanso ndi ana athu. Mwana amene nkhani ya ngongole ya makolo ake kapena ya matenda ake yamveka kwa anzake amabwera m'kalasi ali wamanyazi, amaleka kukweza mkono, ndipo ena amayamba kujomba. Mphunzitsi angathe kuletsa ana kuseka mnzawo pamaso pake, koma sangafafanize zimene amva kale.

Kubweza uthenga umene wapita nkovuta. Gmail imapereka mpata wosapitirira masekondi 30 woti munthu aletse kalata imene wangotumiza, ndipo ngakhale WhatsApp imalola kufufuta uthenga kwa onse, siingachotse m'mutu mwa amene wauwerenga kale kapena m'foni mwa amene waujambula. Nchifukwa chake ndikupempha kuti musanadine batani lotumizira, muziyamba mwayang'ana mzere wa pamwamba wosonyeza amene alandire. Pa WhatsApp, mukagwira uthenga wa pa gulu kwa kanthawi mumapeza mwayi wosankha Reply privately, umene umakutsegulirani macheza ndi wolembayo yekha.

Apa ndilankhulenso ndi makolo a m'komiti ndi ena amene amatsogolera zosonkhasonkha za makalasi. Mukamalembera makolo ambiri nthawi imodzi, maadiresi awo muziwaika pa mzere wa Bcc, umene umabisa mayina a olandira, osati pa To kapena pa Cc pamene aliyense amaona adiresi ya mnzake. Mu 2015 chipatala china cha ku London chothandiza anthu amene ali ndi HIV chidatumiza kalata kwa anthu oposa 700 maadiresi awo akuonekera, ndipo chaka chotsatira bungwe loyendetsa chipatalacho lidalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 180,000. Kuno kwathu nakonso tili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Nambala ya foni ya kholo, adiresi yake ndi mbiri ya thanzi la mwana ndi zinthu zimene sukulu idapatsidwa kuti isunge, ndipo tiyenera kuzisamala tonse.

Tsopano za mauthenga obwerezabwereza. Kholo likalipira fizi ku banki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, kawirikawiri limatumiza chithunzi cha lisiti kwa ine, kwa mphunzitsi wa kalasi, ku ofesi ya zachuma, ndiponso pa gulu la makolo, kenaka nkupatsira mwana pepala lomwelo kuti abwere nalo. Cholinga chake nchabwino, nchoti pasakhale woti sanaone. Koma zotsatira zake zimakhala zina. Anthu anayi akalandira uthenga umodzi, aliyense amaganiza kuti mnzake wayankha kale, ndipo kholo limadikira osayankhidwa. Kapena awiri amayankha mosiyana, kholo nkusokonezeka. Ku ofesi ya zachuma, lisiti imodzi ikafika katatu pa masiku osiyana, akalaliki amayenera kufananitsa manambala ake mmodzimmodzi kuti ndalama imodzi isalembedwe kawiri, ndipo nthawi imeneyo ikanathandiza makolo ena amene ali pa mzere. Kuwonjezera apo, chithunzi cha lisiti chimaonetsa dzina lanu, ndalama zimene mwalipira ndi nambala ya malipirowo, zinthu zosayenera kuikidwa pa gulu la anthu ambiri masiku ano pamene akuba a pa foni achuluka.

Choncho lisiti ipite ku ofesi ya zachuma kokha, kamodzi, ndi dzina la mwana ndi kalasi yake. Za maphunziro ndi khalidwe la mwana zipite kwa mphunzitsi wa kalasi. Ngati mukufuna kuti ine ndidziwe chabe, mundiike pa Cc, ndipo ndidzamva kuti woyenera kuyankha ndi amene ali pa To. Mukatumiza pa WhatsApp nkuona timizere tiwiri tochonga, dziwani kuti uthenga wafika m'foni ya wolandira, ndipo palibe chifukwa choutumizanso. Ofesi idzayesetsa kuyankha pasanathe masiku awiri ogwira ntchito. Akadutsa, imbani foni m'malo motumizanso uthenga womwewo kwa anthu ena. Nkhani yadzidzidzi, monga ngozi, matenda kapena maliro, isadikire imelo: imbani nthawi yomweyo.

Makolo ena afunsa chifukwa chimene amalandirira kalata imodzi kawiri. Nthawi zambiri zimachitika pamene wina wayankha ku adiresi ya makolo onse nkuwonjezeranso adiresi yanu pa Cc, kotero kuti uthengawo umakupezani kudzera njira ziwiri. Poyankha, chotsani maadiresi a anthu amene ali kale m'gululo. Zimachitikanso ngati mudalembetsa maadiresi awiri, mwina chifukwa muli ndi ana awiri m'makalasi osiyana. Ngati ndi choncho, uzani ofesi adiresi imene mukufuna kuti itsale. Ndipo poyankha musabwezenso zithunzi kapena mapepala amene tidakutumizirani, chifukwa amadya bandulo ya anzathu, makamaka a kumudzi amene netiweki imawavuta ndipo amatsegula intaneti mwa apo ndi apo.

Pomaliza, nkhani yatsopano iziyamba ndi kalata yatsopano yokhala ndi mutu wakewake. Pempho loti mwana apite ku chipatala likalembedwa ngati yankho pansi pa kalata yakale ya za yunifolomu, limatha kuonedwa mochedwa.

Ofesi idzakhala yotsegula m'mawa uliwonse wa masiku ogwira ntchito sabata yoyamba ya tchuthi, ndipo kholo lililonse lofuna kusonyezedwa mabatani amenewa pa foni yake, kapena kukonza adiresi ndi nambala yake, lidzathandizidwa. Tsiku lotsegulira teremu ikubwerayi lalembedwa pa lipoti la mwana wanu. Ndikufunirani tchuthi chabwino pamodzi ndi ana athu.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu