Kwa mwana wanga, pa udindo wako watsopano

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Tasangalala kumva kuti akukweza pa ntchito, ndipo tsopano ukuyang'anira anzako ogwira ndalama pa kauntala. Koma mawu ako a pa foni aja, oti kompyuta sinama, andisowetsa mtendere. Ndikufuna udziwe za Paula Vennells.

Mayi ameneyu analowa ntchito ku Post Office ya ku Britain mu 2007, ndipo kuyambira 2012 mpaka 2019 ndiye anali mkulu wa bungwe lonselo. Sanali munthu wamba: anadutsa m'makampani akuluakulu monga L'Oréal ndi Argos, komanso anali wansembe wa mpingo wa Anglican. M'mapositi ofesi ankawerengera ndalama ndi pulogalamu ya Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu, imene nthawi zina inkaonetsa kuti ndalama zaperewera pomwe palibe chasowa. Pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono anapezeka olakwa kukhoti pa milandu ya kuba kapena kulemba zabodza m'mabuku a ndalama. Ena nyumba zinapita pobweza ndalama zimene sanabe. Ena analowa m'ndende, mmodzi ali woyembekezera. Ena anadzipha.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ambiri akaimba foni kudandaula, ankauzidwa kuti vutolo lili kwa iwo okha. Munthu ankabwerera kukadziwerengera yekha usiku, mpaka kuyamba kudzikayikira.

Horizon imeneyi Vennells anaipeza ilipo kale, zimenezo tisamunamizire. Koma madandaulo ankafika iye ali pampando, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu 2012 anaitana akatswiri ofufuza za ndalama a kampani ya Second Sight kuti afufuze. Iwo atatulukira zolakwika, ntchito yawo inathetsedwa mu 2015. Zinatengera anthu 555 oyendetsa mapositi ofesi, motsogozedwa ndi mnzawo Alan Bates, kukapambana ku High Court mu 2019 kuti choonadi chimveke. Mu 2024 mayiyu anabweza ulemu wa CBE umene anapatsidwa, nakalira misozi pamaso pa komiti yofufuza nkhaniyi.

Tsono iwe, wina akakhala ndi shoti, usathamangire kusaina kalata yomuchotsa ntchito. Khala naye pansi, muwerengere limodzi malisiti, limodzilimodzi. Funsa kunthambi zina ngati nawonso zikuwachitikira. Anthu atatu osadziwana akamadandaula chinthu chimodzi, kayang'ane makinawo usanatchule aliyense wakuba. Zimene wapeza ulembere mabwana ako, usunge kope lako, ngakhale atakuuza kuti ukuipitsa mbiri ya kampani. Akuba alipo ndithu, ndipo ukamugwira ndi umboni usamunyengerere. Koma umboniwo uuone ndi maso ako.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi adzukulu. Mayi ako akuti ufa wako wa mgaiwa atumiza sabata yamawa.

Ndine,
Bambo ako