Osankha osewera rugby aleke kusankhira ana ku hema la nyama

Mkonzi,

Ndawerenga nkhani imene munatulutsa masiku apitawa yotamanda momwe anzathu a kuno ku Joni amasakira ana aluso pa rugby m'sukulu, mpaka wolemba wanuyo kunena kuti kwathu ku Malawi titengerepo phunziro chifukwa kuno mwana waluso satayika. Ndikukhulupirira kuti bamboyo rugby ya m'sukulu anaionera pa TV ali pa sofa. Mundilole ndiwauze zimene zinachitika Loweruka lapitali kuno ku Eastern Cape, chigawo chomwecho chimene chinabala Siya Kolisi, Lukhanyo Am ndi Makazole Mapimpi, akatswiri amene anasewerera Springboks, timu ya dziko la South Africa.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira mabwalo pa sukulu ina ya ana a anthu opeza bwino. Kapinga ndimatchetcha ndine, mizere yoyera ndimajambula ndine, ndipo makiyi a zipinda zonse za kubwaloko amagona m'thumba mwanga. Masiku opuma ndimakaonera timu ya kulokeshoni kwathu, kumene bwalo lake theka ndi udzu, theka ndi fumbi la magalasi osweka. Choncho mbali zonse ziwiri ndimaziona ndi maso anga, palibe wondiuza.

Loweruka limenelo pa bwalo lathu panali ma trials a anyamata osapitirira zaka 16, osankha timu ya dera lathu. Aliyense wotsata rugby akudziwa kuti khomo lake ndi limeneli: ukadutsa apa umapita ku timu ya chigawo, kenako Grant Khomo Week, mpikisano wa matimu a zigawo wa anyamata a zaka 16, kenako Craven Week, mpikisano wa anyamata a zaka 18, imene yakhala ikuchitika kuyambira 1964, ndipo kumeneko ndi kumene matimu akuluakulu amakapatsira ana makontrakiti. Ukaphonya khomo loyambali, kulowera pazenera n'kovuta.

M'mawa anasewera ana a sukulu za mayina. Abwana osankha aja anakhala pa mipando yawo pakati penipeni pa bwalo, zipewa kumutu, mapepala m'manja, kulemba ngakhale mwana akangoyetsemula. Ana a sukulu za kulokeshoni ndi kumidzi, amene anawasonkhanitsa m'matimu awiri osadziwana n'komwe mayina, anawaika 1 koloko masana, pa bwalo lakumunsi lija la pafupi ndi ngalande. Ndiye 1 kolokoyo ndi nthawi yomwenso soseji inapsa ku hema la alendo. Woyimbira atangoliza wezulo yoyamba, abwana onse ananyamuka ulendo wa kuhema. Sanatsale ndi mmodzi yemwe. Mipando inatsala ikuonera yokha masewera, pamodzi ndi ine ndi wilibala yanga.

Amene anali pamenepo anamuona mnyamata wovala nambala 9. Ndi mwana wa mayi wina wakwathu ku Malawi amene amachapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Ndi wamfupi, wochepa thupi, ndipo nsapato anavalazo zinali zobwereka, kutsogolo kwake atafutsako nyuzipepala kuti zisamavuke. Koma mwanayo asanafike pamene anzake aunjikana pa mpira amakhala atacheuka kale uku ndi uku, wadziwa kale kumene kuli mpata. Mpira sautola n'kuyamba waimirira ayi, amauponya kuchokera pansi pomwepo, kumanja kapena kumanzere chimodzimodzi, ndipo wolandira sachita kuudikira kapena kuuwerama. Chimnyamata china chachikulu, nambala 8, chinabwera chikuthamanga molunjika iye. Ife kunja tinatseka maso. Iye anangotsika, phewa m'ntchafu, manja n'kukulunga akakolo, chimunthu chija khu! pansi. Anadzuka msanga kuposa amene anamugwetsayo n'kuyamba kukalipira anzake akutsogolo kuti abwerere pa mzere, anzake oti wawadziwa m'mawa womwewo. Zimenezi sizigulidwa ku jimu.

Abwana anabwerera kutatsala mphindi zochepa, wina akutokosa m'mano, wina mbale ya pepala idakali m'manja. Anafunsa woyimbira kuti zatha bwanji. Kenako anaimika ana pamzere n'kumawafunsa msinkhu ndi makilo, ngati mabelo a fodya ku okushoni ya ku Kanengo. Atafika pa nambala 9 uja, mmodzi anamugwira paphewa n'kumuuza kuti azidya kwambiri, adzabwerenso chaka chamawa. Azidya kwambiri! Mawu ochokera pakamwa ponona mafuta a soseji, kuuza mwana amene anachoka kunyumba atamwa tiyi wopanda mkaka.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi pepala. Mayina a osankhidwa anawerengedwa kuchokera pa pepala lotayipa pa kompyuta, losindikizidwa bwinobwino, lopanda pofufuta ngakhale pamodzi. Mkonzi, kubwalo kuja kulibe makina osindikizira. Ndanena kale kuti makiyi amakhala ndi ine. Ofesi ya sukulu inali yokhoma kuyambira Lachisanu madzulo. Ndiye pepalalo linasindikizidwa liti? Kapena abwanawa ndi aneneri, anaona m'masomphenya Lachinayi momwe ana adzasewerere Loweruka? Ngati ndi choncho atiuze, tiziwapititsa odwala athu. Ngati si choncho, atiuze chifukwa chimene anavutitsira ana kudzuka mbandakucha, mayi uja kutaya ganyu ya tsiku lonse ndi kulipira takisi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, kudzachita nawo sewero loti mathero ake analembedwa kale. Akanangotitumizira pepalalo pa WhatsApp, soseji n'kudya kwawo mwamtendere. Ine kapinga wa bwalo lakumunsi ndinamutchetcha, ndinamuthirira, mizere ndinajambula mowongoka ngati ya bwalo lakumtunda. Ndinkakonzera ndani? Mipando?

Wolemba wanu anatchula Kolisi ngati umboni woti dongosolo likuyenda. Nkhani ya Kolisi tonse timaidziwa: mwana wa ku lokeshoni ya Zwide, ankasewera ku kalabu ya African Bombers, anaonedwa ali ndi zaka 12 pa mpikisano wa ana ku Mossel Bay, n'kupatsidwa mwayi wophunzira pa sukulu yotchuka ya Grey. Mu 2018 anakhala kaputeni woyamba wakuda wa Springboks, ndipo wanyamula chikho cha dziko lonse lapansi, World Cup, kawiri, mu 2019 ndi 2023. Zoona zonsezo. Koma Kolisi anaonedwa chifukwa tsiku limenelo munthu wina anakhala pansi n'kuonera masewera a ana a kulokeshoni mpaka kumapeto. Akanakhala kuti munthuyo anamva fungo la nyama, bwenzi lero tikunena za kaputeni wina.

Nanga Mapimpi bwanji sanamutchule? Wa kumudzi ku Tsholomnqa uyu sanadutse ku sukulu ya dzina, sanapite ku Craven Week. Anakulira mu rugby ya m'makalabu a kumidzi, n'kudzera ku matimu a Border, Southern Kings ndi Cheetahs, mpaka kuvala jezi ya dziko koyamba mu 2018 ali ndi zaka 27, msinkhu umene anzake a m'sukulu zotchuka amakhala atasewera kale zaka zambiri. Chaka chotsatira ku Yokohama, pamene South Africa inagonjetsa England 32-12, ndi iyeyo amene anagoletsa try (chigoli chogunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani) yoyamba imene Springboks inagoletsapo mu fainolo ya World Cup, popeza mu 1995 ndi 2007 anapambana ndi mateche okhaokha. Anamupatsira mpirawo ndi Am. Try yachiwiri anagoletsa Cheslin Kolbe, wamtali mamita 1.71, amene moyo wake wonse anthu ankamuuza kuti ndi wochepa thupi. Abwana athu a Loweruka akanamupeza Kolbe ali ndi zaka 15, akanamuuza kuti azidya kwambiri. Mphunzitsi wa Springboks mwiniwake, a Rassie Erasmus, anagwetsa misozi pofotokoza kuti pamene osewera ankaika zithunzi za abale awo pa manambala a jezi za fainolo ija, Mapimpi anaikapo zithunzi za iye yekha chifukwa abale ake apafupi anali atamwalira. Ngati munthu wamkulu chotero amadziwa kumene osewera ake achokera, mphunzitsi wa kudera ndi ndani kuti asiye ana pabwalo n'kukakhala pamzere wa mbale?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Luso la mwana wa zaka 15 silioneka pa sikelo, chifukwa pa msinkhu umenewu wina wakula kale, wina adzakula mawa, ndipo chimphona cha lero nthawi zambiri chimangokhala choyamba kumera ndevu. Umayang'ana zimene mwana amachita mpira ukakhala kutali ndi iye, ngati amadzuka msanga akagwa, ngati amagwetsabe anzake timu yake ikuluza ndi mapointi 30, ngati anzake amamumvera. Zonsezi zimafuna munthu woonera chigawo chachiwiri cha masewera, pamene ana atopa. Ife oonera rugby ya kulokeshoni timawadziwa ana otere ndi mayina, ndi mayina a agogo awo omwe. Palibe amatifunsa.

Ndipo nkhaniyi sithera pa ma trials. Masiku ano masewera a sukulu zikuluzikulu amaulutsidwa pa TV ndi pa foni kudzera pa SuperSport Schools, ndipo ku Paarl anthu masauzande amadzaza bwalo kukaonera ana a sukulu ziwiri. Osaka luso ambiri angokhala pa foni kuonera sukulu zomwezomwezo. Mwana wa kulokeshoni akawala kamodzi, sukulu yolemera imabwera ndi basale, kuti imulipirira fizi, n'kumunyamula. Mwanayo timamufunira zabwino, apite ndithu. Koma kalabu imene inamuphunzitsa kugwira mpira, imene kochi wake amalipira takisi ya ana kuchokera m'thumba mwake, sipatsidwa ngakhale mpira umodzi wa zikomo, ndipo pa TV amati mwanayo ndi chipatso cha sukulu yatsopanoyo. Akathyoka bondo, basale ija imayamba kutsokomola. Kwa ana athu a matchona palinso phiri la mapepala. Mukukumbukira kuti ngakhale Tendai Mtawarira wa ku Harare, wotchedwa Beast, amene anadzasewerera Springboks masewera 117, anaimitsidwa kaye mu 2010 mpaka atapatsidwa unzika. Ngati zinamugwera Beast, amene bwalo lonse linkakuwa dzina lake, kuli bwanji mwana wa mayi wochapa? Ndipo musaganize kuti kwathu n'kosiyana. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, Mwawi Kumwenda ku Mzimba, koma osankha athu ambiri mafuta a galimoto amawathera pa Lilongwe ndi Blantyre.

Ndikupempha a SA Rugby, bungwe loyendetsa rugby kuno, ndi a Nduna ya zamasewera, amene amakonda kujambulitsa ndi chikho, kuti atumize munthu adzafunse za pepala lija. Zokonza zake sizofuna msonkhano wa ku hotela. Ana a kulokeshoni azisewera m'mawa pa bwalo lakumtunda. Moto wa nyama uziyatsidwa wezulo yomaliza ikalira. Mayina azilembedwa ndi cholembera pabwalo pomwepo, makochi a matimu onse akuona, aliyense n'kusainira. Ndipo wosankha aliyense azikaonerako masewera a kulokeshoni nyengo isanathe, mpando tidzamubwereka. Wolemba wanu uja naye akadzabwera kuno andipeze, ndidzamulipirira takisi.

Wosamalira mabwalo,
Eastern Cape, South Africa