Anamwino a ku chipinda cha ngozi atopa

A Mkonzi,

Mwezi watha ndinachezera pa benchi ku chipinda cha ovulala pa chipatala china cha boma, ndikudikirira achimwene anga amene anagwa pa kabaza wa njinga yamoto. Usiku onsewo namwino anali mmodzi yekha. Kuika diripu iye, kumanga mabala iye, kuyeza BP iye, kulemba m'mabuku a odwala iye yemweyo. Cha m'ma 2 koloko anabwera nawo anthu ovulala pa ngozi ya minibasi, magazi ali chuchuchu. Mayiyo anasiya tiyi wake osamulawa, ndipo kapuyo inali pomwepo mpaka kunja kunayera.

Timafulumira kunena kuti anamwino ndi amwano. Koma munthu woti wachezera chiimirire, mawa lake ali pa lokamu (kugwira ntchito maola oonjezera), akhoza kuphonya mlingo wa mankhwala, ndipo wovutikayo ndi m'bale wathu.

Chondiwawa n'chakuti ana athu omaliza maphunziro a unamwino ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi m'makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) ambiri angokhala pakhomo. Mu 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Aphungu athu, pokambirana bajeti ikubwerayi kumbukirani lonjezolo, kuti boma lilembe ntchito anamwinowa, ndipo liyambire ku zipinda za ngozi.

Nzika yokhudzidwa