Kompyuta ikadzadza musathamangire kufomata

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira mwezi watha. Mchemwali wanga ali ndi laputopu yomwe anagula yogwiritsidwa kale ntchito, hadi disiki yake ndi ya 320GB, nde inayamba kuchedwa zedi, kuyatsa kokha madzi a tiyi mpaka kuwira, ndipo akatsegula pomwe pamaoneka ma disiki paja kamzere ka C, gawo la disiki momwe mumakhala Windows, kanali kofiira. Anapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni, mnyamatayo osaiyang'ana n'komwe bwinobwino anangoti "mayi iyi yadzadza, tingoifomata basi." Iwo anavomera poti samadziwa kuti kufomata n'kufufuta zonse zomwe zili mu disiki. Madzulo atakaitenga inali yothamanga inde, koma zithunzi za ukwati wawo, mavidiyo a ana ali makanda, zithunzi za malemu amayi athu, zonse zapita. Analira ngati maliro agwanso kachiwiri, ndipo zithunzi za amayizo tinalibe kwina komwe tinasunga.

Ine ndine mphunzitsi chabe, koma yanga yomwe ndinagula 2013 ndikuigwiritsabe ntchito mpaka lero ndipo yadzadzapo kambirimbiri, sindinafomatepo chifukwa cha malo. Kudzadza si matenda. Kamzere kaja kamafiira malo otsala akachepera 10 peresenti, ndipo zoona kompyuta imayamba kulemera chifukwa Windows imafuna mpata woikapo tinthu take ikamagwira ntchito, makamaka RAM, malo omwe kompyuta imagwirizirapo zomwe mwatsegula nthawi imeneyo, ikakhala yochepa ngati 2GB kapena 4GB. Koma nkhokwe ikadzadza ndi zitsononkho sitiotcha nkhokwe ayi, timachotsamo zitsononkhozo.

Poyambira ndi Recycle Bin. Anthu ambiri amaganiza kuti akadiliti fayilo ndiye kuti yapita, pomwe yangosamukira mu bini muja ndipo ikudyabe malo omwewo mpaka mutakhuthula. Kenako lowani mu Downloads, umu nde mumakhala nkhani. Mudzapezamo masetapu a mapulogalamu omwe munaika kalekale, ma PDF omwe munawerenga kamodzi, vidiyo imodzi yakwaya ili katatu dzina lomwelo kungosiyana 1, 2, 3 kumapeto chifukwa netiweki inkadula inu n'kumadawunilodanso. Palinso chizolowezi chathu chija chokopera foda yonse ya WhatsApp kuchoka mufoni nthawi iliyonse foni ikadzadza, osafufuta yakale, mapeto ake maulaliki omwewo, mavidiyo a pagulu la kubanja omwewo, zithunzi za "mwadzuka bwanji" zamaluwa zija, zili kanayi kasanu mumafoda osiyanasiyana. Filimu imodzi yokha imatha kudya 700MB mpaka 2GB, tangowerengani zomwe ana anakopera kwa anyamata obena nyimbo kumsika ndipo palibe akuzioneranso.

Windows ilinso ndi tsache lake laulere lomwe ambiri sitilidziwa, dzina lake Disk Cleanup. Dinani Start, lembani dzinalo, sankhani C, ikatsegula musangothera pomwepo, dinaninso batani lolembedwa Clean up system files chifukwa zazikulu zimabisala kumeneko. Mudzaona Windows Update Cleanup, zotsalira za ma apudeti akale, ndipo ngati kompyutayo inakwezedwapo kuchoka pa Windows ina kupita ina mukhoza kupezanso Previous Windows installation, yomwe ndi foda ija ya Windows.old, payokha imatha kupitirira 10GB. Chonde werengani musanachonge bokosi lililonse, mu Windows 10 zina pamndandandapo pamakhalanso Downloads, mukachonga mosaona mutaya zanu zofunika. Mukamaliza apo gwirani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani %temp% kuti mutsegule foda ya mafayilo osakhalitsa, zonse zomwe zili mmenemo mutha kufufuta, zomwe zikukana zisiyeni ndiye kuti zikugwira ntchito.

Pali fayilo ina yobisika yotchedwa hiberfil.sys yomwe anyamata ena amakonda kuuza anthu kuti aichotse, pa Windows 7 ya RAM 4GB imatenga pafupifupi 3GB. Ine ndimaisiya. Ndi yomwe imasunga ntchito yanu batire ikatsala pang'ono kutha, ndipo mmene magetsi amathimira kwathu kuno komanso mabatire athu otopawa, ndi bwino nditaye 3GB kusiyana n'kutaya mayeso omwe ndakhala ndikutaipa usiku wonse.

Chomwe chinanditsegula maso kwenikweni ndi kapulogalamu kotchedwa WinDirStat, kena kofanana nako ndi TreeSize Free, tonse taulere ndipo n'tating'ono sitingakutherereni bando. Kamayenda disiki yonse n'kukuonetsani foda iti ikudya malo ochuluka kuyambira yaikulu kutsika. Tsiku loyamba kukagwiritsa ntchito ndinapeza foda yomwe mphwanga anaisiya mkati mwa foda ina mkatinso mwa ina, yodzadza ndi magemu ndi mafilimu, zaka zitatu ili phee ine ndikudandaula kuti kompyuta yakalamba. Koma kapulogalamuka kakakuonetsani kuti foda ya Windows ndi yaikulu musaikhudze, foda ya System32 yomwe ili mkati mwake musaiyandikire n'komwe, WinSxS chimodzimodzi, mukafufuta mmenemo kompyuta ikhoza osayakanso. Pulogalamu yomwe simukuifuna ichotseni podzera ku Control Panel, osati kungodiliti foda yake mu Program Files. Ndipo timauthenga timene timatulukira pa intaneti kuti kompyuta yanu ili ndi mavuto mazanamazana dinani apa tikuyeretsereni, titsekeni, timabwera ndi mavairasi.

Nkhani yosunga zithunzi nayo ndiinene. Ambiri timasamutsira zinthu ku D n'kumaganiza kuti tapulumuka. Pa malaputopu ambiri C ndi D ndi hadi disiki imodzi yomweyo yongogawidwa pakati, zimathandiza inde pochepetsa katundu ku C, koma disikiyo ikafa zonse zafera limodzi. Zomwe simungazipezenso kwina kulikonse, zithunzi za makolo, masatifiketi, mapepala a malo, zikhale malo awiri, pakompyuta komanso pafulashi kapena hadi disiki yakunja yomwe siyendayenda m'makompyuta a anthu. Google imapereka 15GB yaulere pa akaunti iliyonse, ndikudziwa kuti kukweza zinthu kumeneko kumadya bando ndipo bando masiku ano si masewera, koma simukufunika kukweza mafilimu, sankhani zithunzi zochepa zomwe mungalire zitasowa.

Kwa achimwene okonza makompyuta, ndikudziwa kuti mukusaka ndalama ngati tonsefe ndipo kufomata n'kwachangu, ambiri mwa inu ndinu akhama ndithu. Koma munthu akabwera ndi makina ake mufunseni kaye kuti muli chiyani umu, muuzeni m'Chichewa chomveka kuti kufomata n'kufufuta zonse, mukopereni Desktop, Documents ndi Pictures musanayambe, ngakhale mumulipiritse kenakake pamwamba adzalipira mosangalala. Ndikunena izi chifukwa ntchito yotereyi ichuluka, Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, Windows 10 nayo tsiku lake linali 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komwe makina akale ambiri alibe, nde anthu akhala akubwera kwa inu kuti muwasinthire izi ndi izi, ambiri mwa iwo agogo ndi amayi omwe sadziwa kuti Desktop imapita limodzi ndi C.

Amene zakuchitikirani kale ngati mchemwali wanga, zimitsani kompyutayo pompopompo, musaikemo kanthu kena katsopano, chifukwa pa hadi disiki yakale zofufutidwa zimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo mapulogalamu ngati Recuva kapena PhotoRec nthawi zina amazibweza. Ife tinachedwa, laputopu inali itagwira ntchito sabata ziwiri ana ataikamonso zawo. Tinakhala usiku wonse PhotoRec ikuyenda, m'mawa zambiri zinatuluka zoduka pakati, zina zotuwa theka. Za amayi zinabwerako zisanu ndi chimodzi zokha, chimodzi ali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Chimenecho takachapitsa ndipo tachipachika pabalaza.

Ine wanu wowerenga,
Mphunzitsi wa ku Zomba